Orpa Haluk ndi Lilime la Nkhumba

Sindinamvetsepo mmene Orpa Haluk ankakondera nkhumba chonsecho akuziopa. Tinakulira limodzi m'chigwa cha Baliem, koma sindinamufunse.

Mwana wake wamkazi anagwa khunyu n'kugwera pamoto, dzanja linapinimbira. Azaumoyo atabwera anati gwero lake ndi nyongolotsi: munthu akadya nkhumba yosapsa bwino imamera m'mimba, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'kamwa mwa wina amakafika ku ubongo. Ambiri anaseka. Orpa anakumba chimbudzi, anamanga khola, naphunzira kukanula nkhumba ndi kamtengo kuti aone ngati pansi pa lilime pali timatuza tonga mpunga, chizindikiro cha nyongolotsiyo.

"Mlamu, mwayamba kuziyeza mano?" ankamunyogodola Yafet, mchimwene wa malemu mwamuna wake. "Mawa muzisambitsa ndi sopo!"

"Ndiyambira inu, alamu. Nkhumba zidikire."

Orpa anali ndi nkhumba yaikazi imene anailera m'thumba lake laukonde, ili kamwana, akuitafunira mbatata. Yafet anaisankha kuti ikhale ya malowolo a mwana wake wamwamuna, yemwe ankafuna kukwatira. Kwathu nkhumba ikatchulidwa pamaso pa akuchikazi sibwezedwa, ndipo nyama ya paphwando sakana. Kukana n'kutukwana mtundu wonse.

Phwando litayandikira, anthu akutola miyala yowotchera nyama, Orpa anaikanula nkhumba ija. Timatuza tinalipo. Mwina inatola isanalowe m'khola.

Anakamuuza Yafet.

"Miyala yamoto imapsereza zonse, mlamu."

"Nyama ya pakati imatuluka yofiira. Mukudziwa."

"Ndiye ndikawauze akuchikazi kuti tinawasankhira yodwala? Tsekani pakamwa, mkazi inu."

Orpa anabwerera kunyumba. Anakhala pakhola nthawi yaitali akuikanda nkhumbayo kukhutu. Kuipereka sakanatha, poti ana adzadya. Kuipha n'kuikwirira, manja anakana.

Kutacha, amayi opita kumunda anamuona akukwera njira ya kuphiri, thumba la mbatata likulendewera kuchokera pamphumi, chingwe chili kumwendo wa nkhumba, mwana wa dzanja lopinimbira akutsatira.

"Orpa, ulendo wakuti?"

"Ikufuna kuona dziko," anayankha osatembenuka.

Ukwati unachedwa mpaka Yafet atapeza nkhumba ina, ndipo sanatchulenso dzina la Orpa. Ena amati Orpa anamva za mankhwala a nkhumba ku tawuni ya Wamena, koma kumeneko palibe anamuona. Ena amati ali kwa abale a amayi ake kuseri kwa mapiri. Khola lake lilipobe, chitseko chili chomanga.