Kanyali kofiira ka galimoto ya atate

Moni nonse apabanja.

Galimoto ya malemu atate yafera m'manja mwanga lero, pamsewu wotuluka mu Mtendere. Ndinali kuperekeza amayi kuchipatala kukatenga mankhwala awo a shuga.

Kwa milungu itatu kanyali kofiira ka oilo kanali kuphethira ndikaima, ndikaponda mafuta n'kuzima. Ndinayeza oilo, anali wokwanira. Ba Tembo, makanika wa kumsika, anati, "Ba Phiri, aka ni kaswichi chabe kasila, motoka zakudala zimanama." Ndiye kuti kaswichi koyatsa kanyaliko katha ntchito. Katsopano kadula masiku ano, ndiye anangozula waya wake. Kanyali kanazimiratu, ine mpaka kuthokoza.

Lero injini inayamba kugogoda, kenako zii. Makanika wina atatsegula pansi anapeza kasefa ka pampu katatsekeka ndi phala lakuda. Oilo analimo, koma sanali kukwera. Akuti wachititsa ndi oilo wa m'mabotolo uja ndakhala ndikugula pamsewu.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Tsiku loyamba lija amayi analoza kanyaliko nati, "Atate ako, aka kakayaka, anali kuima pomwepo." Ndinayankha kuti ndikudziwa. Lero sanandidzudzule. Anatsika, napukuta fumbi pagalasi ndi nsonga ya chitenje, n'kukakwera minibasi okha.

Galimoto taikokera kunyumba, ndipo ogula zitsulo abwera kale awiri. Kodi tiigulitse, kapena ikhale pabwalo mpaka injini ina idzapezeke? Amayi sindinawafunse, nkhope yawo ikundivuta kuyang'ana. Ba Esinati, ndinu akulu athu, chonde kawafunseni ndinu.