Mabokosi awiri a kampeni

Amene anayamba kundiuza kuti bambo anga amwalira ndi mlamu wanga wogulitsa tomato ku Mponela. Anatsika pakabaza akulira, manja ali kumutu. Apo n'kuti bambowo ali kuseri kwa nyumba, pamkeka, akuwothera dzuwa.

Tinali titakawatenga kumapiri a ku Ntchisi kuti adzadwalire kwathu ku Msakambewa. Chibayo chinawafoola ndipo ankakana kudya, ati akungotivutitsa, ife tikungodikira tsiku lawo. Mawu amenewo ankandilasa mumtima.

Chinachitika n'chakuti m'mawa umenewo amuna anga anasadza mtengo wa m'mbali mwa msewu, nthambi n'kuzisiya pomwepo. Kwathu kuno masamba pamsewu ndiye kuti pagwa zovuta. Tsiku lomwelonso amayi a chigwirizano anabwera kudzapempherera odwala, atavala zoyera, akuimba. Tsono inali nyengo ya kampeni. Aliyense wopikisana pa ukhansala anali ndi munthu wake m'mudzi uliwonse, woti pakagwa maliro aziimba foni msanga mnzawo asanawapitirire.

Dzuwa lili paliwombo inafika galimoto yoyamba ndi bokosi. Tisanayasamule n'komwe inafika yachiwiri, ndi bokosi lagalasi komanso kabichi. Abambo awiri opikisana pa ukhansala, onse a masuti, anayamba kulimbana zoti wafika poyamba ndani, ndipo ayambe kulankhula ndani kumanda.

Ine nkhawa yanga inali imodzi: bambo akaona zimenezi anena kuti taitanitsa ndife. Ndinagwada, ndinawanong'oneza alendowo kuti akuluwo ali moyo, chonde anyamule katundu wawo. Woyamba anati, "Mayi, bokosi silibwerera. Anthu akationa ati talanda maliro." Wachiwiri anangofunsa mwaulemu ngati matendawo ndi aakulu ndithu.

Ndinapemphera chamumtima uku tikufunditsa mabokosiwo zitenje. Koma bambo anali atatulukira kale pangodya ya nyumba ndi ndodo yawo, kudzafunsa kuti phokosolo n'lachiyani. Anavundukula chitenje ndi ndodo, n'kufunsa kuti ndi a yani. Amuna anga anayang'ana kumwamba. Ndinayankha ndine, ndipo ndinanena zoona, kuti ndi awo.

Bambo anagogoda loyamba, anagogoda lachiwiri. Kenako anadziyeza ndi ndodo ija, n'kuyezanso mabokosi. Lagalasi lija linaperewera.

"Uyu amati andipinde miyendo? Voti yanga sailawa. Iwe, kandiphikire phala."

Anamaliza mbale ziwiri tsiku limenelo, Mulungu ndi wabwino. Kuyambira pamenepo ankadya kuti tsiku lovota liwapeze ali ndi mphamvu zokagwetsera wa bokosi lalifupi. Palibe anayerekeza kuwakumbutsa kuti iwo analembetsa ku Ntchisi, pomwe awiriwa ankapikisana ku Dowa kuno. Tsikulo litafika anakwera okha minibasi ndi mapiri omwe kupita ku Ntchisi. Akuti anakhalitsa m'kachipinda kovotera akufunafuna nkhope ya mwini bokosi lalifupi uja kuti aidumphe, osaipeza.

Anabwerako ali olusa. Anena kuti adzalembetsa konkuno, ndipo akudikira chisankho chinacho. Munthuyo akuti sadzaimanso, koma ife sitinawauze. Ndathokoza Ambuye, ndathokozanso abambo awiri aja. Inu amene mwawerenga, muzilikumbukira banja lathu m'mapemphero, makamaka kuti pasapezeke wokawaululira.