Manda a Mlamu Wanga

"Kakumbeni awiriwiri, iwe ndi bwana wakoyo! Ife nkhabe."

Anandikalipira chonchi ndi mkulu wa adzukulu a m'mudzi mwathu ku Makhanga, msodzi wa milamba amene ndinaphunzira naye pulayimale. Anali atakhala pansi pa mtengo wa nimu, anzake atamuzungulira, makasu ndi mafosholo atawagoneka pansi. Bwana amene ankanenayo ndi mng'ono wanga. Mkazi wake, mlamu wanga, anali atamwalira m'mawa womwewo, ndipo thupi linali m'nyumba likudikira dzenje.

"Ukuti chiyani iwe?" ndinatero. "Pali manda m'mudzi muno amene sindinakumbe nawo? Pa maliro a bambo ako amene analowa m'dzenje ndine, matope mpaka m'chiuno."

"Ako tidzakumba, usade nkhawa. Tidzakumba tikuimba, mwina m'mudzi muno mudzakhalako bata. Koma lero si ako."

Ena anaseka. Ine mtima unayamba kuwira.

Nkhani yake anthu onse ankaidziwa. Mng'ono wangayo anagwira ntchito ya ukapitawo ku minda ya nzimbe ku Chikwawa, ndipo atapuma anabwerera kwathu n'kumanga nyumba ya njerwa, n'kutsegula golosale pakhomo pomwepo. Anabwera ndi chizolowezi chimodzi choipa. Kwathu kukagwa maliro, munthu sapita kumunda, wa sitolo amatseka, amuna timapita kumanda, amayi kusiwa. Iye sankatseka. Anthu akudutsa ndi bokosi, wailesi yake inkangolira. Ankatumiza paketi ya shuga ndi uthenga woti pepani, basi. Ndinamuuza kangapo, ndipo sindinkamuuza monyengerera chifukwa sindidziwa kunyengerera. Yankho lake linali limodzi: "Achimwene, masiku ano aliyense ndi moyo wake. Ine sindipempha kanthu kwa munthu." Tsiku lina ndinamuponyera shuga wakeyo pakhonde, paketi n'kuphulika. Tinatha mwezi osalankhulana.

Mlamu wanga anali munthu wina. Anachokera kutsidya, ku Mozambiki, anawoloka ali mwana nthawi ya nkhondo, ndipo abale ake ochepa amene anatsala anabwerera kwawo kalekale. Kuno analibe wake aliyense kupatula ife. Mwamuna wake ankamuletsa kuchoka pa golosale, koma iye ankazemba. Ndinkamuona kumaliro atasenza nkhuni, akudzera kuseri kwa nyumba kuti asaonekere kumsewu. Anadwala matenda otsegula m'mimba madzi osefukira atangoyamba kuphwa. Msewu wa ku Chiromo unali utaduka, mtsinje uli wodzaza. Pamene tinkapeza bwato loti limutengere kuchipatala n'kuti atatisiya kale.

Ndiye ndinawauza adzukuluwo zimenezi. "Amene wagona m'nyumbamo si mng'ono wanga. Ndi mayi amene anakuphikirani pa maliro anu. Mukulanga ndani?"

Palibe anandiyang'ana kumaso. Bambo wina wachikulire, amene sakumbanso koma amabwera kudzaloza malo, analankhula motsitsa. "Mwana wanga, mayiyo tilibe naye mlandu. Koma mwini maliro abwere yekha. Aime apa, atiuze ndi pakamwa pake kuti ndaferedwa, ndithandizeni. Asatume iwe, asatume shuga."

Mawu amenewo anali abwino, ndipo bwenzi nditapita nawo mwamtendere. Koma msodzi uja anawonjezera kuti, "Ndipo abwere ndi wailesi yake, itiimbire pokumba."

Ndinamugwira malaya pakhosi. Batani linathothoka. Anthu anatilekanitsa, ine ndikumutchula mayina amene sindingalembe pano. Ndinatola khasu langa, n'kuwauza kuti akhale pomwepo mpaka matako amere mizu.

Mng'ono wanga ndinamupeza pakhonde, foni ili kukhutu. Nditamuuza mawu a bambo achikulire aja, anapukusa mutu.

"Ndikagwadire anthu amene akundiseka mkazi wanga ali gone m'nyumba? Ayi, achimwene. Ndikuitana aganyu."

Anaimbira ku mudzi wina, anaimbira anzake a ku Bangula. A ku Bangulawo, poti ali kutsidya, anati mtsinje sukuwolokeka. Apafupiwo anati iwo sangakumbe m'manda a eni, eniake ali pompo. Zimenezi mwana aliyense wa kwathu amazidziwa, koma iye anali ataiwala. Dzuwa linali litakwera, ndipo amene anakhalako ku Chigwa amadziwa dzuwa la kwathu mvula ikangokata. Ndinamupatsa fosholo.

"Nyamuka. Wati supempha munthu. Tiye ukaone."

Kukumba manda kwathu nyengo ya madzi si ntchito ya mphamvu chabe, ndi ntchito ya unyinji. Manda athu ali pa kamtunda, koma pansi pake madzi ali pafupi. Ukafika m'mawondo dothi limayamba kunyowa, ukafika m'chiuno madzi amatumphuka. Ndiye pamafunika awiri okumba, ena otunga ndi ndowa, ena olandira ndowazo n'kukataya kutali kuti madzi asabwerere, enanso odula mabango ndi mitengo yotchinjiriza m'mbali, chifukwa madzi osefukira amasiya mchenga pamwamba ndipo mchenga suima wokha. Otopa amatuluka, ena n'kulowa. Ntchito isaime ngakhale pang'ono mpaka bokosi litatsika. Mukaima kuti mupume, madzi sapuma.

Ife tinali awiri, ndi ndowa imodzi.

Poyamba zinayenda. Ine ndinkakumba ndi ukali, iye akufosholera kunja. Manja ake anali a munthu wogwira cholembera ndi sikelo, ndipo sipanatenge nthawi matuza anatuluka n'kuphulika. Sanadandaule, zimenezo ndimuyamikire. Madzi atayamba kutumphuka ndinamutuma kunja kuti azilandira ndowa. Ndikatunga iye akataye, pobwera amapeza madzi abwerera pomwe anali. Ndikasiya kutunga kuti ndikumbe, khasu linkangomira m'phala. Tinasinthana, iye m'kati ine kunja. Chimodzimodzi.

"Landirani ndowa msanga, achimwene."

"Ndili ndi manja angati ine? Itana wailesi yako idzatunge."

 Ndinaona kuti akulira, koma thukuta ndi matope zinali zitamuphimba kumaso, ndiye tonse tinachita ngati sizikuchitika.

Chakumadzulo mbali ya kumutu inagumuka. Sinachite phokoso. Mchenga unangotsetsereka n'kumukwirira mpaka m'ntchafu, fosholo n'kutsalira pansi. Ndinamukoka m'khwapa, nsapato imodzi inatsala momwemo. Tinaima pamphepete tikuyang'ana. Zimene tinakumba tsiku lonse zinali zitasanduka chithaphwi, chotakata ngati pomwera ng'ombe, chosafika n'komwe m'chiuno. Bokosi likanangoyandama.

Pobwerera tinadutsa pa mtengo wa nimu uja. Adzukulu anali akadali pomwepo. Sanapite kwawo, sanapite kudambo kukaonjola, tsiku lonse anakhala akudikira mawu amodzi. Palibe anaseka. Mng'ono wanga anayang'ana pansi n'kupitirira, phazi limodzi lili ndi nsapato.

Kusiwa tinapeza amayi onse atatuluka m'nyumba, atakhala pabwalo. Nyimbo zinkamveka, koma zofooka, chifukwa ambiri anali atatseka pamphuno ndi nsonga ya chitenje. Amayi a kutchalitchi anali atayala mchenga wonyowa pansi pa mphasa kuti thupi lizizire, atatsegula mawindo onse, akufukiza masamba pakhomo. Ntchentche zinali zitadzaza pa katani. Abusa anabwera masana, anadikira, n'kubwerera. Mlamu wanga anali munthu waukhondo, wosesa pabwalo kawiri patsiku. Kumuona akuthawidwa ndi anzake omwe ankaimba nawo kwaya, chimenecho ndi chimene sichinandichokebe m'mutu.

Mkazi wanga, amene anasambitsa nawo thupilo, anandikokera kuseri kwa khitchini.

"Mwakumba?"

"Lagumuka."

"Ndamva kuti mwang'ambanso malaya a munthu."

"Anayamba ndi iye."

"Eya, mwapambana nonse. Inu mwapambana, ang'ono anuwo apambana, adzukulu apambana. Lowani m'nyumbamo mukaone amene waluza. Mawa dzuwa likafika pamutu sitidzathanso kumunyamula ndi manja. Ndakuuzani."

Sindinalowe. Ndinaima pakhomo, ndipo zinandikwanira.

Mng'ono wanga anali atakhala pa sitepe ya golosale yake, yomwe tsiku limenelo inali yotseka kwa nthawi yoyamba. Zikhatho anali ataziika pamaondo, zoyang'ana kumwamba, chifukwa sankatha kuzipinda.

"Achimwene, mawa tikayambe pena. Mwina chakumtunda kuli kouma."

"Kulibe kouma. Ndakumba manda amenewo kuyambira ndili mnyamata."

"Ndiye nditani?"

"Ukudziwa."

Anayang'ana zikhatho zake. Kenaka anati, "Akandikana?"

Funso limenelo linandiuza zambiri kuposa zonse zimene tinakanganapo zaka zonsezi. Munthu amene amati sapempha kanthu kwa anthu, nthawi zambiri amakhala akuopa yankho lawo. Sindikumuikira kumbuyo. Anadziika yekha kunja kwa mudzi, ndipo anakokera komweko mkazi amene sanafune. Adzukulu nawonso sindiwatcha oyera. Mwambo wawo ndi wolondola, ine ndemwe ndaugwiritsapo ntchito pa anthu ena, koma tsiku limenelo unagwera munthu wosalakwa ndipo iwo ankadziwa. Kungoti popanda mwambowo bwenzi m'mudzi muno aliyense akutumiza shuga, ndipo shuga satunga madzi m'dzenje.

Kutangocha ndinapita kukamudzutsa. Anafuna kuvala jekete, ndinamuuza kuti avale zomwezo za matope. Ndinamusenzetsa khasu, ine ndinatenga ndowa ziwiri kunyumba kwanga. Tinayambira kwa msodzi uja, chifukwa ndinadziwa kuti tikayambira kwina sindidzafikako.

Tinamupeza akusoka ukonde pakhomo. Anali atavala malaya ena. Ine chibadwire sindinagwadirepo mwamuna mnzanga, koma ndinagwada pa dothi lonyowalo, n'kumukoka mng'ono wanga pa thalauza kuti nayenso atsike.

"Za malaya zija ndi za ine ndi iwe, tidzakambirana," ndinatero. "Uyu ali ndi mawu."

 Anayamba ndi kutsokomola, kenaka anati, "Akulu, ndaferedwa. Mkazi wanga akuwonongeka m'nyumba. Ndithandizeni."

Msodzi uja anayang'ana zikhatho za mng'ono wanga, n'kupinda ukonde wake.

"Nyumba iliyonse ya mdzukulu, osadumpha ngakhale imodzi. Mawu omwewo, pakamwa pomwepo. Ine mundipeza kumanda, ndikukadula mabango."

Tinadzuka. Nyumba yotsatira inali ya mnyamata amene anaika mwana wake chaka chathachi, tsiku limene wailesi inalira kwambiri. Mng'ono wanga anaima panjira. Ndinamugwira pamkono n'kumutsogoza, ndipo odi ndinachita ndine.