Mota Imene Inkakana Amama

Mota ya ababa, njinga yawo yamoto, ndi yakale moti m'mawa ndimayamba kuipatsa moni iyoyo ndisanapereke kwa eni ake. Anthu amati ndimathira mchere wambiri pa nkhani, koma bwerani kwathu ku Mongue mudzaione nokha. Thanki yake akuti inali yofiira. Panopa mtundu wake ulibe dzina. Ikalira pakhomo pathu, agalu a ku Muloza, tsidya la Ruo, amayamba kuuwa.

Ntchito yake yaikulu inali imodzi. Amama ali ndi matenda othamanga magazi, aja anamwino amawatcha tensau, ndiye mwezi uliwonse amayenera kukayezedwa ku chipatala cha ku Vila, m'tauni ya Milange, ndi kulandira mapiritsi. Wapansi ndi ulendo woti unyamuke uli mnyamata, ukafike uli ndi imvi. Choncho ababa ankawanyamula. Amama ankakhala kumbuyo chammbali, mmene amakhalira azimayi aulemu wawo kwathu kuno, miyendo yonse iwiri kumanzere, chitenje chili bwinobwino, dzanja limodzi paphewa la ababa.

Chaka chatha, nthawi yothyola nandolo, motayo inayamba khalidwe. Ali pa ulendo wa kuchipatala, anangoti pabampu gu, injini zii. Ababa anatsegula kachitseko ka m'mbali n'kupeza fuzi yapsa. Kwa amene simuidziwa, fuzi ndi kagalasi kotalika ngati nyemba, mkati muli kawaya kowonda. Magetsi akasochera, kawayako kamaduka kokha kuti mawaya ena onse asapse. Mota yathu ikaduka fuzi imasanduka mwala. Ababa anaika ina imene ankasunga m'thumba la malaya. Anayenda pang'ono, bampu lina, ziinso. Tsiku limenelo anabwerera kunyumba akukankha, amama ali pambuyo atanyamula nsapato m'manja.

Chodabwitsa chinali mawa lake. Ababa anabwereka fuzi kwa anzawo, anapita okha kumsika pamotayo, anagula mafuzi, anabwerako bwinobwino. Ine ndinakwera kumbuyo, tinadutsa mabampu onse a m'boma la Milange ndi ena obwereka ku Molumbo, palibe chinachitika. Anamangirira thumba la nandolo pa kaliyala, mota inangoyenda ikuimba. Lamulungu amama anakwera kupita ku tchalitchi. Sanafike ndi pamjigo pomwe.

Ababa anaitengera kwa makaniko wina ku Vila. Mkuluyo anatsegula nyali yakutsogolo, anapukuta mitu ya batire, anasintha switchi, kenako anaikwera yekha n'kuzungulira msika katatu.

"Madala, mota iyi ndi yamoyo kuposa ine," anatero. "Ikavutanso, ingokulungani fuzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Sidzapsanso."

"Inde fuzi sidzapsa," ababa anayankha. "Idzapsa ndi mota, ine ndi mkazi wanga tili pamwamba."

Apa ndi pamene ine ndinalakwa, ndipo pokhapa sindiwonjezera kanthu. Ndinayamba kuuza anthu kuti mota ya ababa ndi mkazi wachiwiri, ikuchita nsanje. Ikangomva kuti wakwera ndi wamkulu, imanyanyala. Anzanga anaseka. Azimayi a pamjigo anaseka. Nkhaniyo inayenda kuposa motayo, mpaka ena akakumana ndi amama ankafunsa kuti, "Nanga anzanu aja adzuka bwanji lero?" Poyamba amama ankaseka nawo. Kenako anasiya.

Tsiku lina tikusenda nandolo pakhonde, ababa anati mawa ayesenso ulendo wa kuchipatala.

"Abambo, musavutike," amama anatero osadzutsa mutu. "Aliyense akakwera imayenda. Thumba likakwera imayenda. Ndiye vuto ndi ndani? Ndalemera, ndakalamba, chitsulo chikudziwa. Ine zokankha mota pamsewu anthu akundiyang'ana, basi."

"Amake ana, chitsulo sichidziwa munthu."

"Ichi chikundidziwa."

Ababa anati awapezere mota ya hayala, amama anakana. Anati safuna kukazimitsanso ya eni ake. Mapiritsi anatha. Masiku oyamba sizinaoneke. Kenako ndinayamba kuwaona atakhala pamkeka masana, atagwira kumbuyo kwa khosi, maso atatsinzina. Tsiku lina anadzuka msanga, anadzandira, beseni la madzi linagwa. Anati ndi dzuwa. Tonse tinkadziwa kuti si dzuwa.

Ababa anasiya kupita kumunda masana. Ankaimika mota pamthunzi n'kumasula chilichonse chomasuka. Anachotsa thanki, anachotsa chishalo, anatsata mawaya mmodzimmodzi ndi chala, anawagwedeza injini ikulira. Onse ankaoneka abwino. Vuto lobwera n'kupita ndi loipa kuposa mota yofa, chifukwa yofa imakuuza pamene yafera. Iyi inkangowayang'ana ababa ngati mbuzi imene yadya ufa.

Loweruka lina masana ababa anali atangomanga zonse, atakhala pamota, injini ikulira chapansipansi. Amama anali pamkeka. Panali patatha masiku ambiri asanaseke, ndipo ine kupatula kuseketsa anthu, ntchito ina padziko pano sindiidziwa. Ndinatenga chitenje chawo pachingwe, ndinamanga m'chiuno, ndinayenda pang'onopang'ono ngati iwo, n'kukakhala kumbuyo kwa ababa chammbali, miyendo yonse kumanzere, dzanja paphewa.

"Abambo, pang'onopang'ono, si mpikisano," ndinatero ndi mawu a amama. Kenako ndinadzikweza n'kudzigwetsa pachishalo ngati tagunda bampu.

Zii.

Ndinaganiza kuti lero ndiye ndafa. Ndinayamba kutsika.

"Usatsike," ababa anatero. Sanali okwiya. Ankayang'ana pansi ngati munthu amene wamva njoka m'udzu. Anawerama, anachotsa fuzi yopsayo, anaika ina, analiza injini.

"Tsopano khala mmene umakhalira iweyo."

Ndinakokera chitenje m'mwamba, ndinatang'adza. Ndinalumphalumpha pachishalopo mpaka mano anayamba kugwedera. Injini sinatsokomole n'komwe.

"Khalanso ngati amako."

Ndinabweza mwendo kumanzere. Ndinangodzigwetsa kamodzi, zii.

Ababa anandikankha pang'ono kuti nditsike, anamasula chishalo, n'kuchitembenuza. Pansi pa chishalo pamakhala timphira tinayi toti chitsulo chake chisakhudze felemu. Kakumbuyo kumanzere kunalibe, kaya kanagwa liti. Pomwepo m'pamene pankadutsa waya wofiira wochokera ku fuzi. Pamwamba wayayo anali wosalala, n'chifukwa chake ababa anamudutsa kambirimbiri. Atamutembenuza, pansi pake panali kabala kakang'ono ngati paluma mbewa, mkuwa ukuonekera, ndipo pafelemu panali kadontho kakuda kowauka. Munthu akatang'adza, kulemera kumagwera pakati. Thumba limakhala pa kaliyala. Koma munthu akakhala chammbali, kulemera konse kumatsikira kumanzere, chishalo n'kudinda wayayo pachitsulo. Ndipo munthu yekhayo amene ankakwera mota imeneyi chammbali anali amama. Tonsefe, ine, ababa, makaniko, tinkaiyesa mwachimuna.

Ababa sanakonze nthawi yomweyo. Anaimirira, anapukuta manja pa buluku, n'kupita pamkeka.

"Amake ana, tabwerani muone."

"Ndione chiyani? Zitsulo ndimazidziwa ine?"

"Tangobwerani."

Anawagwira dzanja kuwadzutsa. Ine chibadwire ndinali ndisanaonepo ababa atagwira amama dzanja masana anthu akuona, moti ndinayang'ana nkhuku. Anafika nawo pamota, anatenga chala cha amama n'kuchiika pakabala paja.

"Kameneka?" amama anafunsa.

"Kameneka."

"Ndiye si ine?"

"Si inu. Kamphira kanagwa, ine osaona. Ngakhale mwana wa sukulu akanakhala mmene mumakhaliramo, ikanazima."

Amama anachotsa chala pawayapo. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, ine ndimayenda choncho?"

"Ayi amama, inu mumaposa."

"Vula chitenje changa, wachidetsa ndi girizi."

Koma anali atayamba kumwetulira, ndipo polowa m'nyumba ndinamva akuseka okha.

Madzulo amenewo tinakulunga wayayo ndi tepi, pamwamba pake tinazengeza legeni, n'kumusuntha kuti adutse mkati mwa felemu. Ababa anadula kachidutswa ka tayala lakale n'kukakhomera pamene panali kamphira. Kenako anandiuza kuti ndikhalenso chammbali tiyese. Tinazungulira mudzi wonse choncho, ine miyendo kumanzere, ana akutithamangira. Ulemu wanga unathera pomwepo, koma fuzi sinapse.

Lolemba m'mawa amama anavala, anatenga kabuku kawo ka kuchipatala, anaima pafupi ndi mota nthawi yaitali ndithu. Ababa sanawafulumize. Kenako anakonza chitenje n'kukhala. Ine ndinatsatira panjinga yakapalasa, mafuzi ali m'thumba, ngati kungachitike kanthu. Pabampu loyamba lija ndinaona msana wa amama ukuuma. Gu. Injini inapitiriza kulira. Ababa anachotsa dzanja lamanzere pa handulo, anagwira bondo la amama kamodzi, n'kulibweza. Atafika pamlatho anandisiya m'fumbi, ndipo ndinabwerera.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amama anati namwino anawakalipira ngati mwana chifukwa chodumphitsa mwezi, ndipo makina oyezera magazi anaonetsa nambala yokwera moti namwinoyo anagwira pakamwa. Anakhala pakhonde, anamasula kapepala ka mapiritsi, n'kundiuza kuti ndikatunge madzi. Ndinabwera nawo m'kapu, ndinagwada powapatsa, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka anameza.