Mawani Khumi ndi Mmodzi a Bambo Mawotchi

Bambo Mawotchi anayamba kukonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsapato kalekale, dzuwa lisanaphunzire kutuluka pa nthawi yake. Koma chinawatchukitsa ndi nambala: 11,111,111,111. Mawani khumi ndi mmodzi, kundanda ngati mano a chipeso.

"Iwerengeni chakutsogolo, iwerengeni chakumbuyo, ndi yomweyo," ankatero kwa aliyense wobweretsa wotchi. "Thuu saigawa. Fili amangoiwonera patali. Imeneyi imagawika ndi wani ndi iyo yokha basi."

Pakakyuleta yawo nambalayo sinkakwana, ndiye ankagawa ndi pensulo. Zaka zisanu ndi zinayi! Makope anafika kudenga, mpaka mbewa za m'nyumbamo zinakhoza masamu. Atayesa manambala kufika pa 20,000 osapeza yoigawa, anati nkhani yatha.

Chinawapachika ndi pakamwa. Kalipentala wina atafunsira mwana wawo wamkazi, anamuyankha pagulu kuti, "Udzamutenga ukadzagawa nambala yanga popanda chotsala." Ndipotu mawu a bambowa ndi msomali wadzimbiri, ukati uuzule umachoka ndi thabwa.

Patatha miyezi itatu, Loweruka masana, kalipentala uja anafika atanyamula kathabwa kolembedwa 21,649.

"Wapeza pafoni?"

"Kumene ndapeza n'kosafunika, bambo. Gawani."

"Foni si mboni. Mayi a mwana, pensulo."

Mayiwo popereka pensulo ananong'ona. "Chikwama walongeza kale mwana wanuyo. Pakapezeka chotsala, akuti akupitabe, ndipo pakhomo pano sadzapondanso. Ndiye muzilemba mukudziwa."

Bambo Mawotchi anakhala patebulo. Mwana wawo anaima pachitseko cha kuchipinda, nsapato ali chivalire. Payankho panatuluka faifi, kenako wani, kenako fili. Thukuta linkagwera papepala moti bakha akanasambira. Thuu. Filinso. Pensulo inathyoka. Kalipentala anachotsa yake kukhutu n'kuwapatsa.

Panatsala 194,841.

Bambo Mawotchi anaima kaye. Akangolakwitsa dala pang'ono, nambala yawo ipulumuka, ndipo ndani m'nyumbamo akanawagwira? Anakweza maso. Mwana uja sankayang'ana pepala, ankayang'ana iwo.

"Naini," anatero chapansipansi. Anachulukitsa. Anachulukitsanso kachiwiri. Atachotsera analemba ziro wamng'ono kwambiri, woti nyerere ikanamukwirira ndi phazi limodzi.

"Bwanji, bambo?" anafunsa kalipentala.

"Yagawika. 513,239, ndendende."

Mawotchi a eni ake pakhoma ankangoyenda, iliyonse ikunena nthawi yakeyake.

"Ndinatsala pang'ono kufikapo ndekha," anatero, akupukuta magalasi omwe sanali akuda. "Chaka chimodzi chokha."

"Eya, tamva," anatero mayi. "Mlendoyu akudikira yankho."

Bambo Mawotchi anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, vula nsapatozo, ukuoneka ngati wakwera kale basi." Kenako anamukankhira kalipentala mpando ndi phazi. "Khalani pansi, akamwini. Akwanu angabwere liti?"