Nkhata ya Amuna a Malemu

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale kunena kuti ndinadzuka n'kunama, chifukwa tulo sindinatione. Amuna anali atazungulira moto panja atadzipinda m'majekete, ndipo m'nyumba amayi a mvano ankaimbabe mawu atasasa. M'bokosi munali mkazi wanga. Ine ndine mkamwini m'mudzi muno, ndipo mwamuna woferedwa salankhula. Amangomuikira mpando pakhonde kuti akhale.

Mkazi wanga ankaphunzitsa anthu za ufulu ndi zisankho. Chiyambire matipate ankayenda m'misika, ku Nkando, ku Thuchila, kupachika pachingwe zithunzi za nthawi ya makhadi a chipani, iye n'kuima pakati kumafotokoza. Ine sindinapiteko n'kamodzi komwe. Ndinkanamizira ntchito ya ku esiteti, koma zoona zake sindinkafuna kuona bambo wina wamtali wa kubungwe kwawo, amene ankamunyamula pa njinga yamoto pamodzi ndi zithunzizo.

Kunacha ndi chiperoni. Phiri silinkaoneka, nkhuni zinali zitanyowa, ndipo amayi ophika ankalimbana ndi utsi kuseri. Anthu anayamba kufika m'mamawa momwemo, othyola tiyi, ogulitsa m'misika, ena pa lole. Ambiri sindinkawadziwa. Bambo wamtali uja anafika ndi anzake, n'kupempha amalume a malemu kuti apachike zithunzi zija pakati pa mitengo ya mapeyala. Amalume anavomera osandiyang'ana n'komwe.

Alendo ankadutsa pakhonde, kundiweramira pang'ono ngati mmene amachitira ndi nkhalamba iliyonse, n'kupitirira kukamugwira chanza bambo wamtali uja ndi manja awiri. Mayi wina anamugwadira akulira: "Pepani bambo, akusiyani nokha." Iye sanatsutse. Mwina sanamve. Ine ndinamva, ndipo ndinachita nsanje, pamaliro a mkazi wanga yemwe.

Atamupatsa mpata wolankhula, anabwereza nthabwala zimene malemu ankaseketsa nazo anthu m'misika, khamu lonse n'kuseka misozi ili m'masaya. Ine nthabwalazo ndinkazimva koyamba. Kunyumba ankafika atatopa, kuvula nsapato, n'kufunsa ngati mbuzi zalowa m'khola.

Tinanyamuka kupita kumanda mvula ikuwaza, njira ili yoterera. Adzukulu atamaliza kukwirira, inafika nthawi ya nkhata. Nthawi imeneyi ndinaidikira tsiku lonse, chifukwa nkhata yoyamba ndi ya mwamuna, ndipo palibe bungwe limene lingailande. Woyendetsa mwambo anaitana: "Amuna a malemu." Alendo anapatuka kupereka njira, koma anapatukira kumene kunaima bambo wamtali uja. Ine ndinali kuseri kwa misana ya anthu, nkhata ili m'manja, ndikuti zikomo, zikomo, kuti ndidutse. Iye anaweramitsa mutu, n'kubwerera m'mbuyo, n'kundilozera njira ndi dzanja ngati akundibwereka malo ake. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa chipongwe. Pogwada ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake: "Kani amuna awo ndi awa?"

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Mabenchi a kutchalitchi anabwezedwa, pabwalo panatsala matope ndi phulusa. Mwana wathu wamkazi analowa ndi kaseti imene bambo uja anamupatsa potsanzika, akuti muli mawu a amayi ake tsiku lina ku Nkando. Ndinafuna kukana, koma anali ataiika kale mu wailesi.

Mawu anatuluka amphamvu, osangalala, akusakaniza ndi Chilomwe, anthu akuwomba m'manja. Kenaka mkazi wanga anaseka, kuseka kochokera pansi pa mtima kumene ine ndinasiya kukumva ana adakali aang'ono. Pafupi penipeni ndi iye, mwamuna wina anaseka naye.

"Ababa, ndibwezerenso?" mwana anafunsa.

Ndinati abwezere.