Chimbale chomwe ndinapachika mu mpunga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chomwe mbalame zinavuta mu mpunga wathu ku Chia. Sukulu ndinali nditasiya, ndiye ntchito yoingitsa mbalame inali yanga. Anzanga ankapachika zimbale zakale za nyimbo pa ulusi kuti zizinyezimira, mpheta zizithawa. Ine ndinalibe.

Achimwene anga a Yusufu anali ndi kompyuta yomwe ankatayipira anthu makalata ku Benga. Tsiku lina ndinapeza chimbale m'katoni mwawo, chafumbi, zolemba zake zitafufutika. Ndinachiboola ndi msomali wamoto n'kukachipachika kumunda. Chinkawala kuposa cha aliyense.

Sabata yotsatira kompyuta inadzaza mavairasi. Achimwene anabwera nayo kunyumba, anafufuta zonse, kuti pulogalamu yoyendetsa kompyuta aiike mwatsopano. Ali mkati, makina anaima. Laisensi yomwe anagula inali yongokwezera pa pulogalamu yakale, choncho yatsopanoyo inkafuna kuona kaye chimbale chakale isanalowe. Anakhuthula katoni yonse pamkeka. Ine ndinali pakhomo, ndikuonerera.

Akazi awo, alamu anga a Mariamu, anali atangokwatiwa kumene, ndipo ndiwo ankasesa m'chipinda momwe munali katoniyo.

"Ndinakuuzani kuti katoni iyi musamaikhudze," anatero achimwene. "Kwanu chilichonse chafumbi ndi zinyalala eti?"

"Sindinataye kanthu ine," anayankha alamu motsitsa mawu.

Ine sanandifunse n'komwe. Pamudzi ponse ndinkadziwika kuti ndine mwana wofatsa. Masiku anayi kompyuta inakhala yosayaka, makasitomala akubwerera, achimwene osalankhula ndi akazi awo. Amayi nawo anayamba kunena kuti mtengwayu ndi wosasamala.

Tsiku lachisanu alamu anandibweretsera chinangwa chophika kumunda. Mphepo inali kuomba, chimbale chija chikuzungulira pamwamba pa mitu yathu, kuwala kwake kukudutsa pankhope pawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Zikuthawa ndithu mbalamezo?" anafunsa.

Ndinagwedeza mutu. Iwo anathothola chimbalecho, anaona bowo ndi mikwingwirima ya dzuwa ndi mchenga, n'kuchibwezera pa ulusi pomwepo.

"Chatha ntchito ichi. Ukanene wekha, ine sindikunenera."

Sindinakanene. Achimwene anabwereka chimbale kwa mnzawo ku Dwangwa, kompyuta inayaka, nkhani inazizira. Koma mpaka lero akasowa chinthu amaseka n'kunena kuti, "Afunseni a Mariamu, akatswiri otaya." Alamu amasekera limodzi, osandiyang'ana.

Panopa ndili ndi mwana wamkazi, wachete ngati ine. Anthu akamamuyamikira kuti ndi wofatsa, mtima wanga sukhazikika. Ndikudziwa kuti kukhala chete kwanga sikunali ulemu. Anali mantha, ndipo wolipira anali munthu wina, mlendo pakhomo pathu.

Pakamwa ndalephera zaka zonsezi, ndiye ndalemba. Achimwene, chimbale chija ndinatenga ndine.